Safunsa Anadya Phula, Nanga Wofunsa Anadya Chiyani?

Mwambi uwu timautchula mwana akabwera ndi katundu wolakwika kuchokera kugolosale, kapena mlendo akasochera m'tauni chifukwa chochita manyazi kuimitsa munthu panjira. Safunsa anadya phula. Munthuyo anaona chinthu chachikasu chochokera mumng'oma, ndipo poti chinkanunkhira uchi, anangochiponya m'kamwa. Sanali chitsiru ayi. Anangokhulupirira maso ake pamene panafunika pakamwa. Akuluakulu anatisiyira mawuwa potichenjeza za kunyada kumene kumatiletsa kunena kuti sitikudziwa.

Koma masiku ano ntchito yambiri yofunsa tinaisiyira zinthu zopanda pakamwa. Chitseko cha kuofesi chimatseguka munthu akagunditsa khadi. Galimoto imalira dalaivala akangodina batani, kiyi ali m'thumba. Kusitolo, khadi la kubanki limalipira likangoyandikizidwa pamakina. Kubwalo la ndege, pasipoti imaikidwa pagalasi, geti n'kutseguka lokha. Zonsezi zimayendera luso lotchedwa RFID. M'kati mwa khadi muli kachipangizo kakang'ono kwambiri, chip, ndi kawaya kopyapyala kozungulira m'mphepete kamene ndi eriyo yake. Makhadi ambiri otere alibe batire. Amakhala chigonere mpaka atalowa m'mafunde a wailesi ochokera kumakina owerenga, ndipo mafunde omwewo ndiwo amawapatsa mphamvu yodzuka n'kulankhula. Kucheza kwa khadi ndi makina kumatha ife tisanaphethire kawiri. Pamenepo m'pamene ndikufuna kuuyesa mwambiwu: kodi alonda amene tawaika pazitseko zathuwa amafunsa? Ndipo akafunsa, kodi phula amalipewadi?

Alipo amene safunsa n'komwe. Makhadi akale oyendera mafunde a 125 kHz, monga a mtundu wa EM4100, akangodzuka amayamba kutchula nambala yawo mobwerezabwereza kwa aliyense amene ali pafupi. Nambalayo sisintha mpaka khadi lidzathyoke. Makina a pachitseko amaiyang'ana pamndandanda, akaipeza amatsegula, basi. Timakina tokopera makhadi amenewa timagulitsidwa pa intaneti pamtengo wochepa, ndipo kuwerenga nambala ya khadi la mnzako n'kuilemba pakhadi lopanda kanthu ndi ntchito ya masekondi owerengeka. Chitseko sichingasiyanitse lenileni ndi lokopera, chifukwa zonse zikunena mawu amodzi. Apa mwambiwu ulibe poutsutsa. Nyumba zambiri padziko lapansi, zokhala ndi magalasi onyezimira ndi kamera pakona iliyonse, zikulonderedwabe ndi Safunsa.

Usiku munthu akagogoda timafunsa kuti, "Ndani?" Ndipo yankho lofala ndi lakuti, "Ndine." Palokha yankholi lilibe kanthu, pakuti wakuba naye angathe kulinena. Chimene chimatitsegulitsa ndi liwu limene tinalizolowera, ndipo tikakayika timawonjezera funso lina, loti munthu wabodza sangakhale atalikonzekera. Nambala ya khadi lakale ndi "ndine" wopanda liwu. Akatswiri a masamu obisira uthenga, amene luso lawo limatchedwa cryptography, anapeza njira yopatsira khadi liwu lake. Khadi ndi makina amasunga kiyi wachinsinsi, nambala yaitali imene siituluka konse pamafunde. Makina amapeka nambala yatsopano n'kuitumiza ngati funso. Khadi limaisakaniza ndi kiyi uja mwa masamu n'kubweza zotsatira zake. Makina nawo amachita masamu omwewo, n'kufananitsa. Munthu wobisalira pafupi angamve funso, angamvenso yankho, koma sizimuthandiza, chifukwa mawa funso lidzakhala lina.

Ikanakhala nkhani ya kufunsa kokha, bwenzi itathera pomwepa. Koma khadi limene linadziwika kwambiri ndi kufunsa ndi lomwenso linagwetsa anthu ambiri m'mbuna. MIFARE Classic inatuluka mu 1994, yoyendera mafunde a 13.56 MHz, ndipo inafika kutali: pamakhadi a Oyster a sitima ndi mabasi a ku London, pa OV-chipkaart ya ku Netherlands, pa CharlieCard ya ku Boston, pazitseko za maofesi, masukulu ndi mahotela osawerengeka. Masamu ake ankatchedwa Crypto-1, ndipo kampani yopanga, imene lero ndi NXP, inawabisa. Ogula anauzidwa kuti ndi olimba, iwo n'kukhulupirira. Mu December 2007, pamsonkhano wa Chaos Communication Congress ku Berlin, Karsten Nohl ndi Henryk Plötz anaonetsa zimene anapeza atapala chip ija pang'onopang'ono, kujambula gawo lililonse pa maikulosikopu, ndi kutsata timawaya take mpaka masamuwo ataonekera poyera. Kiyi anali wa mabiti 48 okha, wamfupi kale pa nthawiyo. Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi china. Manambala amene khadilo linkapeka ngati mafunso atsopano ankachokera pa kagulu ka manambala osaposa 65,536, ndipo nambala yotuluka inkadalira nthawi imene yadutsa chidzukire khadilo. Munthu wodziwa kusunga nthawi bwino ankatha kulikakamiza kufunsa funso lomwelomwelo kangapo konse. Pofika mu March 2008, ofufuza a pa Radboud University ku Nijmegen anali atapeza njira yotulutsira kiyi m'kanthawi kochepa, ndipo pambuyo pake anakwera sitima zapansi panthaka ku London ndi khadi lokopera.

Nayu tsono wofunsa amene anadya phula. Ndipo ine ndikuona kuti tsoka lake ndi lalikulu kuposa la Safunsa. Amene sanafunse amadziwa pansi pa mtima kuti akungoyesa mwayi, mwina amatafuna mosamala. Koma amene wafunsa funso lofooka n'kuyankhidwa amameza mtima uli m'malo. Ogula MIFARE Classic anachotsa alonda ena, anasiya maloko ena, chifukwa anauzidwa kuti khadi limafunsa. Mwambiwu umatituma kukafunsa, koma sutiuza kuti funso lodziwika kale yankho lake ndi mwambo chabe. Zomwezi zinaoneka mu 2005, pamene ofufuza a pa Johns Hopkins University ndi RSA Laboratories anathyola chip ya Texas Instruments yotchedwa DST, ya kiyi wa mabiti 40, imene inali m'makiyi a galimoto ndi m'tizipangizo ta Speedpass tolipirira mafuta ku America.

Sindikufuna kuwaweruza mopepuka amisiri amene anapanga zimenezi. Mwambi wathu umatenga kufunsa ngati chinthu chaulere, chongofuna kudzichepetsa. Kwa khadi lopanda batire, funso lililonse lili ndi mtengo. Mphamvu yake ndi yobwereka kumafunde, malo pa chip ndi ochepa, wogula akufuna makhadi mamiliyoni pamtengo wotsika, ndipo pageti la sitima m'mawa anthu ali piringupiringu, palibe amene angadikire khadi likuwerengera. Masamu olimba amadya zonsezi. N'chifukwa chake panabadwa nthambi yonse ya kafukufuku yofuna masamu opepuka koma osathyoka: PRESENT inatuluka mu 2007, ndipo mu 2023 bungwe la NIST ku America linasankha Ascon kukhala muyezo wa tizipangizo tochepa mphamvu. Makhadi a lero monga DESFire amanyamula masamu otchedwa AES, a kiyi wa mabiti 128, popanda kuchedwetsa munthu pageti. Chowiringula cha 1994 chinatha. Amene akugulabe makhadi ofooka lero akungopulumutsa ndalama.

Mwina mwadabwa kumva kuti khadi nalonso limafunsa. Apa ndi pamene mwambiwu uli chete kwenikweni. Umalankhula za wofunsa, koma za wofunsidwa sunenapo kanthu, ngati kuti aliyense wofunsa ndi mwana wabwino wofuna nzeru. Si choncho. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege zinkanyamula zipangizo zoyankha rada ya kwawo kuti asilikali a pansi asaziwombere, ndipo ambiri amati kumeneko ndiko kunachokera maganizo a RFID. Ndege za Germany zinali ndi chipangizo chotchedwa Erstling. A Britain anapanga chawo, Perfectos, chimene chinkatumiza funso lofanana ndi la rada ya Germany. Ndege ya Germany inkayankha mokhulupirika mumdima, ndipo yankho lomwelo linkaulula pamene ili. Oyendetsa ndegezo atazindikira, ambiri anayamba kuzimitsa zipangizo zawo. Kuyankha aliyense wofunsa kunali kudziitanira imfa.

Khadi lili m'thumba mwanu lingafunsidwe popanda inu kumva kanthu, m'basi yodzaza kapena pamzere wa kubanki. Ngakhale lisaulule chinsinsi chilichonse, likamatchula nambala imodzimodzi paliponse, amene ali ndi makina pamakomo angapo angadziwe kumene mwadutsa. Opanga mapasipoti a chip anaiganizira nkhaniyi. Mwa malamulo a bungwe la ICAO, olembedwa m'chikalata chotchedwa Doc 9303, chip ya pasipoti siitulutsa chithunzi kapena dzina mpaka makina atasonyeza kuti aona tsamba la m'kati. Kiyi wake amapangidwa kuchokera pa nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa ndi tsiku lothera ntchito, zimene zili pa mizere iwiri ya m'munsi mwa tsambalo. Ndiko kuti pasipoti imayamba yafunsa: kodi mwini wanga wanditsegula n'kundipereka m'manja mwako? Njira yoyambayo, Basic Access Control, inapezeka yofooka m'maiko amene manambala a mapasipoti ankangotsatana, poti munthu ankatha kuwalota, ndipo inayamba kulowedwa m'malo ndi ina yolimba yotchedwa PACE, yochokera ku Germany. Pamwamba pa izo, zolembedwa mu chip zimakhala ndi siginecha ya masamu ya boma lopereka pasipotiyo, kotero kuti wosintha chilembo chimodzi amagwidwa. Ndimalemekeza maganizo amenewa, chifukwa amazindikira kuti kukhala chete pamaso pa mlendo wosadziwika ndi ufulu wa munthu, ndipo katundu amene wanyamula sayenera kumuulula.

Tsopano tiyerekeze kuti zonse zili bwino. Funso ndi latsopano, masamu ndi olimba, mbali zonse ziwiri zafunsana. Phula likadalipo. Akuba galimoto za batani sathyola masamu ayi. Amabwera awiri usiku. Mmodzi amaima pambali pa galimoto, wina pakhoma la nyumba, kufupi ndi pamene kiyi waikidwa. Galimoto imafunsa, chipangizo cha woyambayo chimanyamula funsolo n'kulipereka kwa mnzake, kiyi weniweni ali m'nyumba amalimva n'kuyankha moona, yankho limafika ku galimoto, chitseko chimatseguka, injini n'kulira. Palibe amene wanama. Kiyi ndi yemweyo, yankho ndi lolondola. Chabodza ndi chimodzi chokha, chimene galimoto sinafunse chifukwa inkachiyesa chodziwikiratu: kuti amene akumveka ali pafupi. Mu 2011, Aurélien Francillon, Boris Danev ndi Srdjan Čapkun a ku ETH Zurich anayesa njira imeneyi pa mitundu 10 ya galimoto za makampani 8, ndipo zonse zinagonja.

Pamenepa ndi pamene ndimaona kuti mwambiwu wafika pamalire ake. Umalonjeza kuti yankho loona limapulumutsa. Koma yankho lingathe kukhala loona n'kukupweteka, ngati likuyankha funso lina osati limene moyo wako wadalira. Galimoto inafunsa kuti "ndiwe ndani?" pamene inafunika kufunsanso kuti "uli kuti?" Ndipo funso lachiwirili masamu okha sangaliyankhe. Mankhwala ake anachokera ku chilengedwe. Mafunde a wailesi sangathamange kuposa kuwala, kumene kumayenda pafupifupi masentimita 30 pa gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Yankho lodzera njira yaitali liyenera kuchedwa, ngakhale pang'ono chotani, ndipo wakuba alibe njira yolifulumizitsira. Stefan Brands ndi David Chaum analemba za njira yoyezera mtunda ndi nthawi mu 1993, ndipo Gerhard Hancke ndi Markus Kuhn a ku Cambridge anaikonza kuti ikwanire pa RFID mu 2005. Panapita zaka zambiri isanafike m'galimoto zogulitsidwa, kudzera m'mafunde otchedwa UWB. Makampani ena anapanga makiyi amene amagona akakhala osagwedezeka kwa kanthawi. Galimoto zambiri za batani zimene zimabwera kuno kuchokera ku Japan zitagwira kale ntchito zinapangidwa njira zimenezi zisanafale, ndipo mwini wake amene akufuna kugona tulo tabwino angachite bwino kusunga kiyi m'kachitini kachitsulo kotseka bwino, kutali ndi khomo.

Pali kufunsa kwa mtundu wina, ndipo ndiko kumene ndikukuikira kumtima kuposa konse: kufunsa za loko mwiniwakeyo. Mu 1883, Auguste Kerckhoffs analemba mfundo imene akatswiri akuitsatirabe, yakuti njira yobisira uthenga iyenera kukhala yolimba ngakhale mdani ataidziwa yonse, bola asadziwe kiyi. AES inasankhidwa motero. Mpikisano wake unayamba mu 1997, poyera, aliyense ali ndi ufulu woyesa kuthyola, ndipo njira ya Joan Daemen ndi Vincent Rijmen a ku Belgium inakhala muyezo mu 2001. Ikugwirabe ntchito mpaka lero. Crypto-1 inabisidwa kuti isafunsidwe, ndipo inagwa tsiku limene anthu anaiona. Kubisa sikunailimbitse. Kunangochedwetsa tsiku lodziwika, n'kupereka mpata woti makhadi ofooka achuluke m'matumba a anthu.

Nanga amene anafunsa anawalandira bwanji? NXP inatengera Radboud University kukhoti kuti zotsatira zisasindikizidwe. Mu July 2008, khoti la ku Arnhem linakana pempholo, ndipo linaona kuti kuwonongeka kwa kampaniyo kukuchokera pa chip yofooka imene inapanga, osati pa anthu amene anaiona kufooka. Mu August chaka chomwecho, bungwe loyendetsa sitima ku Boston linapeza chiletso choti ophunzira atatu a pa MIT asalankhule pamsonkhano wa DEF CON, ngakhale chiletsocho chinachotsedwa patapita masiku ochepa. Mu 2013, Volkswagen inapambana kukhoti lalikulu ku London, ndipo kafukufuku wa Roel Verdult, Flavio Garcia ndi Barış Ege wonena za Megamos Crypto, chip ya m'makiyi a galimoto zambiri, anatsekeredwa zaka ziwiri. Anatuluka mu 2015 atachotsamo chiganizo chimodzi. Nkhawa ya makampaniwa si yopeka, ndikuvomereza. Galimoto mamiliyoni sizingaitanidwe kugalaja tsiku limodzi, ndipo chimene wasindikiza wofufuza, wakuba nayenso amawerenga. N'chifukwa chake ofufuza oona mtima amayamba auza kampani mwakachetechete, n'kuipatsa miyezi yokonzera, monga anachitira Verdult ndi anzake. Koma khoti lingatseke pakamwa pa mphunzitsi wa payunivesite amene ali ndi dzina ndi adiresi. Wakuba amene wapeza chibowo chomwecho sapempha chilolezo, ndipo sauza aliyense. Chiletso chikagwira ntchito, amene amatsala osadziwa ndi mwini galimoto yekha.

Timaphunzitsa ana kuti kufunsa ndi nzeru, koma tikudziwa tonse mmene timamuonera munthu wofunsa pamsonkhano funso limene akuluakulu sakulifuna. Mwambiwu sunamukonzekeretse munthu ameneyo. Sunamuuze kuti mphoto ya funso labwino nthawi zina ndi samani.

Ndipo ngakhale funso litafunsidwa, yankho n'kumveka dziko lonse, chitseko sichisintha chokha. NXP yomweyo inalangiza makasitomala ake kusamukira ku makhadi atsopano, London inasamutsa Oyster kupita ku DESFire, koma makhadi a mtundu wakale akugulitsidwabe chifukwa ndi otchipa ndipo makina owawerenga ali kale pamakoma. Mu August 2024, Philippe Teuwen wa ku Quarkslab anapeza kuti makhadi a FM11RF08S, opangidwa ndi Shanghai Fudan Microelectronics motsanzira MIFARE Classic ndiponso olengezedwa kuti ndi olimbitsidwa, anali ndi kiyi wakuseri mmodzi wofanana pa makhadi onse. Miyezi ingapo izi zisanachitike, mu March 2024, gulu la ofufuza lomwe munali Lennert Wouters ndi Ian Carroll linaulula chibowo cha maloko a m'mahotela a Saflok, a kampani ya dormakaba. Munthu wokhala ndi khadi limodzi la hotelayo, ngakhale lotha ntchito lotola m'bini, ankatha kupanga makhadi awiri otsegula chipinda chilichonse. Malokowo anali pa zitseko zoposa 3 miliyoni m'maiko 131.

Apa m'pamene ndasiyana nawo mwambiwu. M'dziko limene unabadwira, wosafunsa ndi wodya phula anali munthu mmodzi. Chilango chinkagwera mwini cholakwa, ndipo pakamwa pomwe panakana kufunsa ndi pomwe pankamva kuuma kwa phula. M'dziko la makhadi si choncho. Amene safunsa ndi woyang'anira zogula pahotela, pachipatala kapena pasukulu, amene amayang'ana makoteshoni atatu n'kusankha otsika, osafunsa wogulitsa kuti khadilo ndi la mtundu wanji, masamu ake ndi ati, makiyi ndi osiyana pakhadi lililonse kapena ndi omwe anabwera nawo kufakitale. Amene amadya ndi ena: mayi amene wagona yekha m'chipinda cha hotela, namwino amene adzafunsidwe za mankhwala osowa m'kabati yotsegulidwa ndi nambala ya khadi lake, wophunzira amene laputopu yake yasowa m'hositelo chitseko chili chokhoma. Anthu amenewa sangafunse, chifukwa khadi lolimba ndi lofooka amaoneka chimodzimodzi m'manja, ndipo wolandira alendo pakauntala nayenso sadziwa. Kuwauza kuti akanafunsa ndi kuwachitira nkhanza kawiri. Udindo uli kwa amene amasaina mapepala ogulira, kwa makampani amene akudziwa zimene akugulitsa, ndi kwa mabungwe oona za miyezo amene angathe kunena kuti khadi lothyoledwa mu 2008 lisaikidwenso pachitseko chatsopano.

Ofufuza a Saflok aja anauza dormakaba mu September 2022, n'kudikira chaka ndi theka asanalankhule poyera. Kukonza kunkafuna kuyendera loko lililonse palokha, kusintha makhadi onse a hotelayo, ndipo m'malo ena kusinthanso makina a pakauntala. Pa tsiku limene nkhaniyi inatuluka, maloko okonzedwa anali pafupifupi 36 pa 100 alionse. Otsalawo anali pazitseko za zipinda zimene alendo ankalipirabe mtengo wonse, osauzidwa kanthu.